Ngongole, Chinyengo ndi Kuba: Mlandu wa Upandu Umayambira Pati?

[NYIMBO YOTSEGULIRA, KENAKA ITSIKE]

WOULUTSA: Nkhaniyi ndi yanu nonse amene mwatsegula wailesi nthawi ino: a padoko pa Monkey Bay pano, a ku Chembe ndi ku Msaka amene mwakhala pamchenga kusoka matchera, a ku Malembo, ku Nkope, ku Makawa, mpaka inu a pa boma ku Mangochi. Lero tikamba za milandu ya upandu, ija imatha kufikitsa munthu kundende. Musaisiyire maloya okha nkhaniyi. Aliyense wa ife angathe kudzuka bwinobwino m'mawa, pofika madzulo n'kupezeka ali pabenchi ya kupolisi, mwina ngati wodandaula, mwina ngati mboni, mwinanso ngati woganiziridwa. Tsiku lotero mutu sugwira, ndiye tiphunziriretu lero mtima uli m'malo.

Tiyambe ndi ndalama, poti mikangano yambiri ya padoko imabadwira pamenepo. Taganizirani mayi wogula usipa amene wachokera ku Limbe ndi K500,000 yake. Ndalama imeneyi ingathe kumuthawa m'njira zingapo, ndipo lamulo siliona njirazo mofanana.

Tinene kuti wabwereketsa mwini chilimira kuti agule mafuta a injini ndi kukonzetsa nyali, pangano lake n'lakuti usipa ukaphedwa, woyamba kugula akhale iyeyo. Ndiye mwera wauka, sabata ziwiri maboti ali pamtunda. Atalowa m'madzi, abwerako chimanjamanja. Ndalama yatha, usipa palibe. Mayiyu wapwetekedwa ndithu, ndipo ali ndi podandaula, koma upandu palibepo. Iyi ndi ngongole. Angapite nayo kwa amfumu, ku komiti ya padoko, kapena akasume kwa majisitireti ngati mlandu wa pakati pa anthu awiri. Khothi likaona kuti ngongole ilipodi, limalamula kuti ibwezedwe, ndipo wokanika kubweza angathe kulandidwa katundu n'kugulitsidwa. Koma kulephera kubweza ngongole pakokha si chifukwa chotsekera munthu m'chitokosi. Ndikutsindika pamenepa chifukwa chizolowezi choopseza anzathu kuti “ndikumangitsa” pa nkhani ya ngongole chazika mizu, ndipo amene amavutika nacho kwambiri ndi osauka amene sadziwa kuti apolisi si otolera ngongole za anthu.

Tsopano tinene kuti munthu wina wauza mayi uja kuti ali ndi boti ndi chilimira ku Msaka, ndipo usipa uli kale pathandala ukuuma, pomwe iye alibe ngakhale nkhafi. Mayi wakhulupirira, wapereka ndalama. Apa zasintha. Munthuyu wanena bodza pa chinthu chimene akudziwa kuti kulibe, ndipo bodzalo ndi limene latulutsa ndalama m'chikwama cha mwini wake. Umenewu ndi mlandu wopeza chuma mwachinyengo, ndipo apolisi ali ndi mphamvu zonse zoulowerera.

Nanga mayiyu akapatsa mnyamata wake wantchito ndalamayo kuti akagule usipa ku Chembe, mnyamata n'kukagula foni, yotsala n'kumwera? Kumeneko ndi kuba. Ngakhale alumbire kuti amafuna kudzabweza pakutha pa mwezi, lamulo limati wotenga ndalama ya mwini n'kuigwiritsa ntchito mmene iye wafunira waba, kaya anali ndi maganizo odzabweza kaya ayi.

Ndalama ndi imodzimodzi, misozi ya mayi ndi imodzimodzi. Chasiyana ndi chimene munthu anachita, komanso chimene chinali mumtima mwake pochita. Pa mlandu wa upandu woweruza amayang'ana zinthu ziwiri zimenezi, ndipo pa milandu yambiri chimodzi chikasowa, mlandu sukhalapo.

Tisanalowe mumtima mwa munthu, pali funso loyamba: kodi chimene wachitacho chinalembedwa m'malamulo kuti n'choletsedwa? Milandu yambiri ya upandu m'dziko muno ili m'buku limene kukhothi amalitcha Penal Code. Linayamba kugwira ntchito m'chaka cha 1930, nthawi ya atsamunda, ndipo Nyumba ya Malamulo yakhala ikulikonza mpaka lero. Ina ili m'malamulo apadera, monga lamulo la za usodzi la 1997. Malamulo oyendetsera dziko a 1994 amanena poyera kuti munthu sangapezeke wolakwa pa chinthu chimene sichinali mlandu pa nthawi imene anachichita. Choncho si chilichonse chochititsa manyazi chimene chili upandu. Kusapita kumaliro kuli ndi bwalo lake kwa amfumu. Chigololo cha anthu akuluakulu ogwirizana chimapasula banja, ndipo wolakwiridwa angafune chipukuta misozi, koma boma silimanga munthu pa chimenecho.

Pali zinanso zimene ambiri timaziona ngati zopepuka pomwe lamulo limaziletsa. Kuloza gogo chala n'kumutchula mfiti ndi mlandu, malinga ndi lamulo la 1911 limene likugwirabe ntchito. Kukokera neti ya udzudzu m'madzi ndi mlandu. Kuponya khoka loletsedwa m'miyezi ya Novembala ndi Disembala, pamene nyanja yatsekedwa kuti chambo chiswane, ndi mlandu. Paki yathu ya Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980, imateteza madzi a mamita 100 kuchokera pagombe la malo ake ndi zilumba zake, ndipo kuwedza mmenemo n'koletsedwa. Mlendo wochokera kutali akagwidwa pafupi ndi chilumba cha Thumbi n'kunena kuti samadziwa, gawo 7 la Penal Code limamuyankha kuti kusadziwa lamulo sikupulumutsa munthu. Ena amati lamuloli n'louma mtima. Ine ndimaona kuti likanakhala lofewa, aliyense akanangoti “sindimadziwa,” ndipo palibe akanalangidwa. Koma limasiyiranso boma ndi ife a pawailesi udindo waukulu woti anthu amve malamulowo m'chilankhulo chawo.

Tsopano za mumtima. Woweruza saona mkati mwa munthu, ndiye amaweruza kuchokera pa zimene munthuyo anachita, ananena, ndiponso zimene anayenera kudziwa. Pali kuchita mwadala, pali ngozi yeniyeni, ndipo pakati pa ziwirizi pali kusasamala.

Kusasamala kumatikhudza kwambiri ife a kunyanja. Mwini boti amene wapakira anthu, matumba a ufa ndi njinga mpaka madzi kufika m'milomo mwa boti, kunja mwera ukuomba, safuna kupha munthu. Akufuna ndalama basi. Koma lamulo limaletsa kunyamula anthu olipira pa boti lodzaza mopyola muyeso kapena lowonongeka, ngakhale afike bwino kutsidya. Boti likamira anthu n'kufa, mawu oti “inali ngozi” sangamukwanire, chifukwa ngozi imene munthu wanzeru aliyense akanaiona ikubwera, lamulo limaiwerengera amene anainyalanyaza. Angathe kuyankha mlandu wopha munthu mosafuna.

Kupha mosafuna ndi kupha mwadala ndi milandu iwiri yosiyana. Ndipo mvetsani bwino apa: kuti mlandu ukhale wopha mwadala sipafunika kuti munthu akhale atakonza chiwembu kwa masiku. Amene wamenya mnzake ndi nkhafi m'mutu pofuna kumuvulaza kwambiri, mnzakeyo n'kufa, lamulo limamuika pamodzi ndi amene amafunadi kupha. Ngati anaputidwa koopsa n'kuchita zimenezo mtima uli wotentha, asanapeze mpata woti uzizire, mlandu ungatsike kukhala wopha mosafuna, koma sumatha. Milandu iwiri yonseyi majisitireti saweruza, imapita ku khothi lalikulu. Kale wopezeka wolakwa pa kupha mwadala chilango chake chinali chimodzi chokha, kunyongedwa. Mu 2007, pa mlandu wa Francis Kafantayeni ndi anzake, khothi lalikulu linagamula kuti kukakamiza woweruza kupereka imfa osamva mmene zinthu zinachitikira n'kosemphana ndi malamulo oyendetsera dziko. Chilangocho chikadali m'mabuku, koma woweruza tsopano amayeza mlandu uliwonse pawokha, ndipo chichokere 1992 palibe amene wanyongedwa.

Pali mfundo ina ya mumtima imene ambiri saidziwa. Munthu akatenga katundu akukhulupirira moona mtima kuti ndi wake, popanda cholinga chonyenga, gawo 8 la Penal Code limati si wakuba. Msodzi amene watola nyali padoko poganiza kuti ndi yake ija inasowa, pomwe ndi ya mnzake yofanana nayo, walakwitsa koma sanabe. Chikhulupirirocho chikhale chenicheni, osati chopeka atagwidwa kale.

Ana nawo lamulo limawaona mwapadera. Mwana wosakwana zaka 10 sangazengedwe mlandu wa upandu ngakhale pang'ono. Wosakwana zaka 14 amazengedwa pokhapokha boma litaonetsa kuti amatha kuzindikira kuti chimene akuchita n'cholakwa. Ndipo mwana aliyense mlandu wake umayenda motsata lamulo la ana la 2010, sayenera kutsekeredwa pamodzi ndi akuluakulu. Wodwala misala amene pa nthawiyo samazindikira chimene akuchita, khothi limamuona ngati wofunika chisamaliro ndi kusungidwa, osati ngati mpandu wamba. Koma mowa, abale anga, musaudalire. Amene wamwa kachasu mwa kufuna kwake n'kuvulaza munthu, kuledzerako pakokha sikumuchotsera mlandu.

[NYIMBO PANG'ONO]

WOULUTSA: Tikupitiriza kukamba za milandu ya upandu. Funso lina limene limasokoneza anthu ndi ili: wolakwa ndani, dzanja limene lagwira kapena onse amene anali m'chiwembumo?

Injini ya boti yabedwa usiku. Wina anamasula mabawuti. Wina anaima patali kuyang'ana ngati kukubwera anthu. Wina anadikira ndi njinga yamoto kumsewu. Wachinayi sanatuluke n'komwe m'nyumba, koma ndi amene anawatuma n'kuwauza pamene injiniyo imagona. Gawo 21 la Penal Code limati onse anayi aba, ndipo angathe kulandira chilango chofanana. Palinso wachisanu, amene anagula injiniyo m'bandakucha pa mtengo wozizira, osafunsa makalata ake, mtima ukumuuza kuti apa pali kanthu. Kuba wamba chilango chake chimalekeza zaka 5, koma kulandira katundu ukudziwa kapena uli ndi chifukwa chodziwira kuti ndi wobedwa kumafika zaka 14. Opanga malamulo anaona kuti popanda msika wakuba sangalimbike. Kubako kukachitika moopseza kapena movulaza mwini katundu, ndiye kuti kwasanduka uchifwamba, ndipo chilango chimakwera kwambiri.

Mfundo yomweyi ndi imene imagwira gulu lomenya wakuba. Ndikudziwa mmene zimawawira. Injini ndi thukuta la zaka zambiri, ndipo pambuyo pake pali mabanja angapo amene amadyera pamenepo. Lamulo limakulolani kudziteteza ndi kuteteza katundu wanu ndi mphamvu yolingana ndi choopsacho. Limakulolaninso kugwira munthu amene mwamupeza akuba, bola mumupereke kupolisi mosachedwa. Koma munthu akagwidwa, wamangidwa manja, wakhala pansi, choopsa chatha. Chibakera chilichonse chobwera pambuyo pake ndi mlandu watsopano, ndipo mwini wake ndi inu. Akafa, amene anaponya mwala, amene anabweretsa petulo, ndi amene amakuwa kuti “muotcheni,” onse angathe kuyankha mlandu wopha munthu, chifukwa anali ndi cholinga chimodzi. Ndipo kangati gulu lapha munthu, mawa lake n'kudziwika kuti sanali iyeyo?

Tifike tsopano pa kumangidwa. Wapolisi samanga munthu chifukwa cha nkhope kapena zovala. Payenera kukhala chifukwa chomveka chomuganizira. Akuluakulu mukukumbukira vakabu, mmene anthu ankasesedwera usiku popanda mlandu wooneka. Mu Malichi 2015 apolisi ku Blantyre anamanga Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo, ali pa ulendo wopita kumsika m'bandakucha. Iye sanangovomera kuti zithe. Nkhaniyo inafika ku khothi lalikulu, ndipo mu Januwale 2017 oweruza atatu anathetsa ndime 184(1)(c) ya Penal Code, imene inkalola kumanga munthu chifukwa chongopezeka pamalo pa nthawi yokayikitsa. Chigamulo chimenechi n'chathu kuno kuposa kwina kulikonse, chifukwa ntchito ya usipa ndi ya usiku, ndipo mayi wokadikira maboti amanyamuka kwawo kusanache.

Gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko ndi limene ndikufuna aliyense alisunge pamtima. Womangidwa auzidwe msanga chifukwa chake, m'chilankhulo chimene amamva, kaya ndi Chichewa, Chiyao kapena Chitonga. Ali ndi ufulu wokhala chete, ndipo palibe wololedwa kumukakamiza kuvomera mlandu ndi chikoti kapena ndi mantha. Ali ndi ufulu woonana ndi loya, ndi woyenderedwa ndi abale ake. Ayenera kufikitsidwa kukhothi pasanathe maola 48, ndipo maolawo akathera pa Loweruka, Lamulungu kapena pa holide, akaonekere tsiku loyamba limene khothi latsegula.

Belo ya kupolisi ndi yaulere. Wina akakuuzani kuti mupereke kenakake kuti m'bale wanu atuluke, chimenecho ndi chiphuphu, ndipo wopereka ndi wolandira onse ali pa mlandu. Kukhothi woweruza angathe kulamula chikole cha ndalama, koma chimenecho chimakhala ndi lisiti, ndipo chimabwezedwa mlandu ukatha ngati munthu sanathawe. Belo si kukhululukidwa. Anthu ambiri akaona woganiziridwa wabwerera kumudzi amati apolisi adya ndalama, pomwe munthuyo akungodikira tsiku la mlandu ali kwawo. Wokanizidwa belo amasungidwa pa limandi, ndipo nayonso ili ndi malire: masiku 30 pa milandu ya kwa majisitireti mlandu usanayambe, masiku 90 pa milandu ikuluikulu monga kupha ndi kugwiririra. Boma likafuna kuonjezera liyenera kupempha khothi. Kunena zoona, malirewa amaphwanyidwa kawirikawiri, ndipo amene amaiwalika m'ndende ndi amene alibe womufunsira. M'bale wanu akakhalitsa, pitani ku ofesi ya khothi mukafunse, kapena mukaonane ndi a Legal Aid Bureau, bungwe la boma loimira anthu osatha kulipira loya. Alangizi a zamalamulo a bungwe la PASI nawonso amayendera ndende ndi mapolisi kuthandiza anthu otere.

Kukhothi, woganiziridwa ndi wosalakwa mpaka boma litaonetsa kulakwa kwake. Si iye woyenera kutsimikiza kuti sanabe. Woimira boma ndi amene ayenera kubweretsa mboni ndi umboni wokwanira moti woweruza asatsale ndi chikayiko chomveka. Chikayiko chotero chikatsala, munthu amamasulidwa, ngakhale mudzi wonse ukhulupirire kuti ndi iyeyo. Mphekesera si umboni. Mboni imanena chimene inaona ndi maso ake ndi kumva ndi makutu ake, ndipo woimbidwa mlandu ali ndi ufulu woifunsa mafunso.

Ndikudziwa kuti ena mukuti malamulowa amakondera akuba. Tikumbutsane kumene tachokera. Kuyambira mu 1969 makhothi a mafumu anapatsidwa mphamvu zoweruza milandu yakupha, pambuyo pake ngakhale youkira boma, ndipo loya sankaloledwa kulowamo. Orton Chirwa, amene anali nduna yoyamba ya zachilungamo, ndi mkazi wake Vera anaweruzidwa m'khothi lotero mu 1983 n'kugamulidwa kuti aphedwe. Chilangocho chinasinthidwa kukhala ukaidi wa moyo wonse, ndipo a Orton anamwalira m'ndende ya Zomba mu 1992. Amene analemba gawo 42 anali ataona zimenezi ndi maso awo. Ngati loya wodziwa malamulo ngati ameneyo anasowa pogwira, nanga msodzi wa ku Mvunguti akanatani?

Chinanso: mlandu wa upandu ndi wa boma, si wa wodandaula. N'chifukwa chake kukhothi amati boma likuzenga uje, ndipo wobedwa kapena womenyedwa amakhala mboni. Pa milandu ing'onoing'ono, monga kukankhana kopanda kuvulazana, khothi lingathe kulola kuti anthu agwirizane. Koma pa milandu ikuluikulu mabanja alibe mphamvu yothetsa nkhani pakhonde. Mwana akagwiriridwa, mbuzi kapena ndalama sizitseka mlandu, ndipo kulandira kanthu pofuna kubisa mlandu waukulu ndi mlandunso pawokha. Paja akulu anati mlandu suola. Woterewu ungadzuke patapita zaka.

Munthu akapezeka wolakwa, asanalandire chilango amapatsidwa mpata wopereka dandaulo. Musautaye mpata umenewu. Nenani ngati n'koyamba kulakwa, ngati mwabweza katundu, ngati muli ndi matenda, ndi nthawi imene mwakhala kale pa limandi. Zaka zolembedwa m'buku ndi polekezera, si kuti aliyense alandire zomwezo. Woweruza angathe kupereka chindapusa, chilango choimikidwa choti munthu akakhale kwawo osalakwanso, ntchito yothandiza anthu pachipatala kapena pasukulu, kapena ukaidi wa kalavulagaga.

Ndipo chenjerani ndi uphungu uja umamveka m'chitokosi woti “ingovomera, zithe msanga.” Ngati munachitadi, kuvomera kumachepetsa chilango, ndipo n'kwanzeru. Koma ngati simunachite, kapena simukumvetsa mlandu umene wawerengedwa, pemphani womasulira abwereze mpaka mumve, chifukwa wovomera mlandu kawirikawiri amatsala ndi mwayi wodandaula za kukula kwa chilango chokha. Amene anakana mlandu n'kupezeka wolakwa kwa majisitireti angathe kuchita apilo ku khothi lalikulu, koma ayenera kupereka chidziwitso cholembedwa pasanathe masiku 10 chiperekedwere chigamulo. Ali kale kundende angathe kuchipereka kudzera kwa mkulu wa ndendeyo. Abale amene muli kunja, masiku amenewo muziwawerenga ndinu.

Nthawi yathu yathera pamenepa. 

[NYIMBO YOTSEKERA]